Woyembekezera pa Mzere wa Kosita

Kwa miyezi yambiri ndinkaganiza kuti anyamata aja akukangana za minibasi. Kwathu kosita ndi basi yaing'ono ija imene imanyamula akwaya ndi anthu opita ku maliro. Ndiye ndikamva mwana wamkulu wa abwana akukuwa pa foni kumbuyo kwanga kuti kosita yatsekedwa, kosita aivula, kosita akuisintha mawilo, ndinkangoti mumtima, mwana wa munthu wolemera chonchi kulirira basi? Ndinachita kuonetsedwa pa foni yake tsiku lina titaima pa maloboti. Kosita yawo ndi kasitima ka masewera kopanda denga, koyenda pa njanji zopindikapindika m'mwamba. Anthu amalipira kuti kawakweze, kawagwetse, kawazunguze mutu, kenako kawatule pomwe anakwerera.

Nthawi imeneyo ndinali dalaivala wa banja lina ku Nuaija. Ndinabwera ku Doha ndili ndi imvi kale, pa msinkhu umene anzanga amene ndinkayendetsa nawo malole anali atayamba kukhala pakhonde. Sukulu ndinalowa ndili ndi ana, ya kwacha, ndipo Chingerezi ndinachitola mochedwa kwambiri, china m'kalasi ya madzulo, china m'galimoto momwemo. Munthu amene wavala nsapato atakula amayenda akuziyang'ana. Ine ndi mawu ndili choncho. Chikwangwani chilichonse ndimawerenga mpaka pansi, ngakhale cha pachimbudzi, ndipo ndikamva liwu labwino ndimalisunga kuti tsiku lina ndidzalitulutse.

M'nyumbamo tinalimo Amalawi awiri. Winayo anali mayi wa ku Dedza amene ankalera mzime wa abwana, kamtsikana kongoyamba kumene sukulu. Mayiyu anali msinkhu wa mwana wanga wachiwiri, wokwatiwa, mwamuna wake ali kumudzi. Ankanditchula bambo, ine ndinkamutchula mwananga. Anali atangobwerako ku tchuthi miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo anandibweretsera mtedza ndi tsabola wa kambuzi m'kabotolo.

Tsiku limene ndikulembali linali Lachisanu masana, nyengo yotentha ija imene phula limanunkha. Paki ya masewera imene tinkapita ili mkati mwa chinyumba chozizira, ndipo kosita yake inali itatsegulidwanso sabata yomweyo itakhala yotseka kuyambira nyengo yozizira. M'galimoto munali madamu kutsogolo, mwana wamkulu uja ndi mnzake pakati, ndiye kumbuyo kwenikweni mayi wa ku Dedza ndi kamtsikana. Mnzakeyo anali Mngerezi wogwira ntchito pa hotela ina ku The Pearl. Awiriwa anali m'gulu la anthu amene amayenda maiko kukakwera makosita, ndipo kuyambira pageti mpaka kufika sanapume kukangana.

Mwana wa abwana ankati aiwononga. Kale kositayo inali ya mgodi. Unkalowa m'phanga la miyala ya simenti, muli nyali zofiira, ndipo pakona ina panali chidole cha nkhalamba yonyamula piki imene inkatsokomola sitima ikamadutsa. Iye anakwera koyamba ali wamng'ono, ndipo nkhalambayo ankaiwopa ndi kuikonda. Tsopano zonsezo anazigumula, makoma anawapaka penti ya buluu, ndipo wokwera amavala magalasi a vi-ara, chinthu chokhala ngati chigoba chimene chimaphimba maso nkumakuonetsa dziko lina. M'malo mwa mgodi umaona nyanja ndi anthu omira kukatola ngale. Iye ankati kumeneko ndi kumanga munthu m'maso kuti asaone kuti m'nyumba mulibe kanthu.

Mngerezi ankaseka. Ankati yakale ija inali itatha, inkagwedeza munthu mpaka mano kuwombana, ndipo nkhalamba yotsokomola inali itasiya kutsokomola kalekale, inkangoyasama. Ankati asintha mawilo onse ndi chigawo cha njanji pakona ya pansi, ndipo pakanapanda magalasiwo palibe akanaganiza zoikonza, akanangoidula nkuikapo malo ogulitsa khofi. Mwana wa abwana anayankha kuti magalasi amachedwetsa mzere chifukwa ayenera kupukutidwa munthu aliyense akavula, komanso chithunzi chimatsalira m'mbuyo mwa thupi, ndiye munthu amasanza. Chimene anagwirizana nchimodzi chokha, kuti chilungamo cha kosita chimadziwikira pa mpando wa kumbuyo. Pakati, anatero, mpa agogo.

Madamu anawauza kawiri kuti atseke pakamwa. Ine ndinkayang'ana pa galasi loonera kumbuyo, ndipo ndinaona mayi wa ku Dedza atagwira kachidutswa ka ndimu m'tishu, akukanunkhiza. Pa mahampu ankakweza thupi pang'ono ndi manja. Ndinaziona, koma sindinaziganizire.

Masiku ena onse ndinkatsala pansi poimika magalimoto. Tsikulo madamu anati ndikwere nawo kuti ndinyamule zikwama. Mkatimo munali phokoso loti sungamve mnzako, nyimbo mbali zonse, ndipo pamwamba pathu njanji zinkayenda pansi pa denga ngati mipope. Pakhomo pa kosita panali chikwangwani chachitali. Ena onse anangodutsa, ine ndinaima. Panali zithunzi za anthu osaloledwa kukwera, chilichonse chili ndi mzere wofiira wochidula: munthu wogwira pamtima, munthu wopindika msana, mayi wa mimba. Pansi pa chithunzi chilichonse panali mawu, ndipo ndinawawerenga onse monga mwa chizolowezi changa. Wa pamtimayo ndinamuyang'ana nthawi yaitali, chifukwa m'thumba la malaya anga munali mapiritsi a bipi amene abwana sankadziwa kuti ndimamwa.

Pambali pake panali ndodo yoyezera ana. Kamtsikana kanapitirira mzere wa pansi koma sikanafike wa pamwamba, kutanthauza kuti kakhoza kukwera, koma ndi munthu wamkulu pambali pake. Mchimwene wake anakana. Anati wadikira miyezi yonseyi kuti akakhale kumbuyo, ndipo kumbuyo ana salola. Nakonso kamtsikana sikankamufuna. Kanagwira diresi la mlezi wake nkuyamba kukoka. Madamu, amene anali atakhala kale pa benchi akusisita bondo, anangokweza dzanja nkuti yalla, ndiko kuti tiye, pita naye.

Mayi wa ku Dedza anamwetulira nkuuza madamu kuti iye amaopa zinthu za m'mwamba. Madamu anaseka, nati ndi masewera a ana amenewo, ndipo anabwerera pa foni yawo. Tinalowa pa mzere, ine ndili ndi zikwama kumbali ya chingwe. Mayiyo anasendera kwa ine, maso ali kutsogolo, nalankhula milomo isakusuntha kwenikweni.

"Bambo, ndine woyembekezera."

"Tonse tikuyembekezera, mwananga. Taona mzerewu."

"Bambo." Anaika dzanja pansi pa epuloni kamphindi kochepa nkulichotsa. "Osati zimenezo. Ndinabwera nayo ku tchuthi."

Nthawi yomweyo sitima inadutsa pamwamba pathu, anthu akukuwa, ndipo ndinaiona ikutsika nkukafika pakona ya pansi ija. Mitu yonse inagwera mbali imodzi ngati chimanga pa mphepo. Ndinafunsa ngati madamu akudziwa.

"Akadziwa, mawa lomwe ndili pa ndege. Kontirakiti ndangoirinyuwa kumene." Anayang'ana kumene kunali madamu. "Ziwiri zinapita padera, bambo. Iyi ndikuigwira ndi manja awiri."

Anandiuza mwachangu kuti maganizo ake anali oti agwire ntchito mpaka pamene epuloni idzalephere kubisa, kenako apemphe yekha kupita kwawo mwaulemu, mwina adzamusungira malo. Sanandipemphe kanthu. Anangondiuza, monga munthu amauzira wamkulu amene ali pafupi, ndipo mzere unasuntha.

Nkhani inali pamenepo. Asakwere, komanso pasapezeke wodziwa chifukwa chake. Ndinaganiza zoti ndinene kuti wadwala mutu, koma madamu anali munthu woti wantchito akangoti mutu, yomweyo ku kiliniki, ndipo ku kiliniki amayeza zonse. Za mantha anali atanena kale ndipo anasekedwa. Kutsogolo kunatsala anthu osachuluka. Kamtsikana kankadumphadumpha katamugwira chala.

Pali msewu wina kwathu, wotsika phiri, umene sindidutsako ngakhale ulendo utalike bwanji. Abale a mkazi wanga woyamba amadziwa chifukwa chake. Pano sindilemba zimenezo. Ndingonena kuti pamene mayiyo ananena za manja awiri, ndinaika zikwama pansi ndisanadziwe chimene ndikufuna kuchita.

Ndinapita kwa anyamata aja, amene anali akukanganabe, tsopano za mtundu wa penti. Ndinauza mwana wa abwana kuti mlandu wawowu ndaumva miyezi yambiri ndili pa chiwongolero, ndipo sudzatha chifukwa onse awiri ali ndi mbali. Ndinati pakufunika woweruza amene sanakwerepo yakale kapena yatsopano, sanavalepo chigoba, koma wayendetsa malole pa misewu yoipa moyo wake wonse. Ndikwere ine ndi mwanayu, ndidzakuuzani ngati akonza kapena angopaka.

Za mawilo a kosita sindinkadziwa kalikonse, ndipo iwonso ankadziwa kuti sindidziwa. Nchifukwa chake anakondwa. Mwana wa abwana anaseka mpaka kugwira pamimba, natulutsa foni kuti ajambule, nati anzawo a m'gulu adzafa nako kuseka. Mngerezi anandigwira chanza ngati ndapambana chisankho. Kamtsikana kanayamba kukana, koma mchimwene wake anakauza kuti baba dalaivala akalira ngati mbuzi, ndipo kanasiya chala cha mlezi nkugwira changa. Madamu anayang'ana ine, nayang'ana mayi wa ku Dedza, kenako anagwedeza phewa. Mayiyo anatuluka pansi pa chingwe nkukatola zikwama.

Pa geti lomaliza mtsikana wa yunifomu anandiyang'ana imvi, naloza pamtima pake, nandifunsa ngati ndili bwino. Ndinati ndili bwino kwambiri.

Anatikhazika pakati, pa agogo paja. Chitsulo chinatsika nkundikanikiza pamimba mpaka chinalira kuti kwa. Kenako anandiveka chigoba. Chinkanunkha mankhwala opukutira, lamba wake anandithina kumbuyo kwa mutu, ndipo kwa kanthawi kunali mdima wokhawokha. Kuwala kutabwera ndinali pa bwato la matabwa, dzuwa lili pamwamba, madzi mbali zonse. Ndinayang'ana pansi kuti ndione manja anga, panalibe manja. Ndinkawamva atagwira chitsulo, koma pamene anayenera kukhala panali matabwa ndi chingwe. Chiyambire unyamata wanga sindinakhalepo m'chinthu choyenda osaona msewu.

Tcheni chinayamba kukoka. Maso ankandiuza kuti funde likukweza bwato, koma makutu ndi msana zinkadziwa phokoso limenelo. Ndi lole yodzaza kwambiri ikukwera phiri pa giya yoyamba, gu, gu, gu, pamene umadziwa kuti kuseri kwake nkotsetsereka. Phazi langa lamanja linkafunafuna buleki pansi. Kamtsikana kankandiuza zinthu, sindinamve. Kenako phokoso linaleka, bwato linaima pamwamba pa funde, ndipo tinagwa.

Tinalowa m'madzi chamutu. Kunali nsomba, kunali anthu ovala zoyera akumira pambali panga ndi madengu m'khosi, kunali chinsomba chachikulu chimene chinatsegula kukamwa. Zimenezo ndimazikumbukira ngati za m'maloto. Chimene ndimakumbukira bwino ndi choti mwana wa abwana sananame. Thupi linkakhota, chithunzi nkukhota pambuyo pake, pang'ono pokha, koma mokwanira kuti m'mimba mutembenuke. Ndiye tinafika pakona ya pansi. Thupi lonse linalemera ngati andisenzetsa matumba, ndipo chitsulo chija chinandilowa pansi pa mchombo. Ndinaganiza kuti pano, pomwe pano, ndi pamene mayi uja akanakhala. Ndipo m'kati mwa kukuwa kwa anthu onsewo ndinamva bwinobwino mawu a mkazi wanga woyamba uja, ochokera kumbuyo monga amamvekera munthu akamagogoda denga la lole, akuti pang'onopang'ono, abambo, pang'onopang'ono. M'sitimamo munalibe wolankhula Chichewa.

Sindikudziwa ngati ndinakuwa. Kanema amene anajambula sindinafune kumuona.

Atandivula chigoba ndinaona makoma a buluu opanda kanthu ndi mapaipi a mphepo. Kamtsikana kankaseka, tsitsi lili m'kamwa. Miyendo inanditulutsa yokha mpaka pa benchi. Pachifuwa panali ngati pakhala munthu, ndipo thukuta linkatsika m'khosi ngakhale munali mozizira. Anyamata anafika akuthamanga kuchokera ku mpando wawo wa kumbuyo, foni ili m'mwamba, akufuna chigamulo. Ndinanena chimene chinabwera. Ndinati mawilo mwina ndi atsopano, koma phirilo ndi lakale. Mngerezi anati mwamva, mawilo. Mwana wa abwana anati mwamva, palibe chasintha. Anayambiranso pomwe anasiyira.

Mayi wa ku Dedza anandipatsa botolo la madzi osandiyang'ana. Ndinatembenukira ku khoma nkumeza piritsi. Mumtima ndinati zatha, tawoloka.

Sizinathe. Mwana wa abwana anati kuti mlandu uweruzidwe bwino ayenera kukweranso opanda magalasi, aone ngati kositayo ili ndi kanthu payokha. Ulendo uno anagula matikiti odumphira mzere, ndiye panalibenso zodikira. Kamtsikana katamva kanati nakonso kakufuna, ndipo ulendo uno ndi mlezi wake, chifukwa baba dalaivala amafinya dzanja kwambiri. Ndinayesa kuimirira kuti ndipitenso. Koma madamu anandiuza kuti ndikhale pansi, nkhope yanga yachita phulusa, ndani awayendetse pobwerera. Anatembenukira kwa mayi uja nkuti yalla.

Mayiyo sanasunthe. Anaima ndi zikwama m'manja, akuyang'ana pansi. Madamu ananenanso, mawu atakwera pang'ono. Kamtsikana kanayamba kulira nkumakoka diresi. Anthu a pa benchi ina anatembenuka. Madamu sankakonda kuyang'anidwa ndi anthu, ndipo sanazolowere kunena chinthu katatu. Anaika foni m'chikwama, natembenukira kwa ine. Anati anationa pa mzere paja tikunong'onezana m'chilankhulo chathu, ndipo zitangotero ine nkudzipereka kukwera. Anafuna kudziwa chimene mayiyo anandiuza.

Onse anandiyang'ana, ngakhale anyamata aja. Mayi wa ku Dedza yekha ndi amene sanakweze maso.

Ndikukumbukira kuti ndinamva kamtendere. Ndinali nditanama kale kamodzi tsikulo, pa geti, ndipo sindinafune kunamanso, koma ndinaona kuti sipakufunika bodza. Liwu lathu lija lili ndi makomo awiri. Ine ndemwe ndinali nditalowera khomo lolakwika pa mzere paja. Ndikangomasulira khomo limenelo, ndanena zoona ndipo sindinaulule kanthu: wanena kuti akudikira, sanakonzeke, mtima wake sunakhazikike. Liwu loyamba kubwera linali waiting. Koma limenelo ndinaliona laling'ono, la pa siteji ya basi. Panali lina labwinopo limene ndinalitola m'nyumba momwemo, limene abwana ankanena pa foni akamadikira alendo olemekezeka, limene mlembi wa ku ofesi ankandiuza akamati bwana akukudikira. Ndinawongola msana nkulitulutsa.

"She said she is expecting, madam."

Mngerezi ndiye anayamba. Nkhope yake inawala, natembenukira kwa mayi uja nkumuuza kuti zabwino zonse, nkhani yosangalatsa. Kenako anati ndiye sangakwere ayi, naloza chikwangwani. Ali pakati polankhula anaona nkhope za anthu ena, mawu ake anazilala, dzanja linatsika.

Ndinatsatira pamene analoza. Pansi pa chithunzi cha mayi wa mimba, liwu loyamba linali expectant, mbale wake wa liwu limene ndinali nditangolinena, kusiyana kumapeto kokha. Chingerezi nachonso chili ndi makomo awiri omwewo, pa liwu lomwelo. Ndinali nditaliwerenga ndi maso angawa pasanathe ola.

Mwana wa abwana anatsitsa foni. Madamu sanandiyang'anenso. Anaitana mayi uja ndi chala kuti asendere, namufunsa motsitsa mawu ngati nzoona. Mayiyo anavomera ndi mutu. Anamufunsa ngati ndi za ku tchuthi, za mwamuna wake. Anati inde, madamu, ndipo mawu ake anamveka bwino, osanjenjemera. Madamu anayang'ana njanji m'mwamba pamene sitima ina inkadutsa. Kenako anatenga okha chikwama chachikulu m'manja mwa mayiyo nkundipatsa ine.

"Khalas, basi. Palibe akukweranso."

Anyamata anatsala, anati abwera pa takisi. Pamene tinkachoka ndinawamva akuyambiranso, motsitsa, za nkhalamba yotsokomola ija. M'galimoto kamtsikana kanalira mpaka kugona. Titalowa m'misewu ya ku Nuaija, pafupi ndi hampu yoyamba, madamu anati shwayi shwayi, maso ali pa windo. Ndiko kunena kuti pang'onopang'ono. Ndinadutsa mahampu onsewo ngati ndanyamula mazira, ndipo pa galasi sindinayang'anepo.

M'mawa mwake ndinawapititsa ku kiliniki, madamu ndi mayiyo. Mayiyo anafunsidwa pepala la ukwati, poti ku Doha mimba yopanda ukwati ndi mlandu; linapezeka pa foni, ndipo mbali imeneyo inatha bwino. Madamu sanamukalipire. Anamuletsa kukolopa masitepe ndi kunyamula mwana, namugulira mavitamini. Koma patapita masabata angapo tikiti inabwera, ya ulendo umodzi, ndipo ku ejensi anali atayamba kale kufuna mlezi wina. Za kumusungira malo panalibe amene anazitchula.

Masabata amenewo mayiyo sanandilankhule. Tiyi wanga ankamuika pa windo la khitchini monga kale, shuga wake yemweyo, koma ndikafika ndinkapeza iye atalowa mkati. Ndikapereka moni ankayankha moni yekhayo. Kupepesa kunkaoneka ngati kunena kuti zikanakhala bwino akanakwera.

Ku bwalo la ndege ndinamuperekeza ine. Anakhala kumbuyo, ngakhale kutsogolo kunali kopanda munthu. Epuloni anali atasiya, anavala chitenje, ndipo tsopano aliyense akanaona. Tili pafupi kufika analankhula.

"Chizungu cha sukulu ya kwacha chimenechi, bambo."

Ndinati eya, nchomwecho.

"Inu mumawerenga chilichonse. Ndimakuonani. Ngakhale paketi ya sopo." Anadikira kuti ndidutse galimoto ina. "Munachita dala?"

Ndinafuna kunena kuti ayi, chifukwa ndi zimene ndinkadziuza masiku onsewo. Koma ndinakumbukira mmene ndinaimira pa chikwangwani chija, ndi chitsulo chija pansi pa mchombo, ndi mmene liwu loyamba linabwerera ine nkulikankhira pambali.

"Sindikudziwa, mwananga."

"Mukadzadziwa mudzandiuze."

Ndinamutsitsira sutikesi nkuiika pa kangolo. Anagwada pang'ono monga amachitira ana a kwathu, dzanja lina lili kumsana, nalowa.

Patapita miyezi, ndili pansi poimika magalimoto, foni inalira. Unali uthenga wa mawu, waufupi, wochokera kwa mayi wa ku Dedza. Anati kuyembekezera kwatha, bambo, ndi wamkazi, ali bwino. Kumbuyo kwake kunkamveka tambala ndi wailesi. Za ntchito sananene, ndipo ndinamva kwa ena kuti sanapezenso ina kunja. Funso lake lija sanalibwereze. Ndinayankha kuti ndathokoza Mulungu, ndipo ndinafufuta zina zimene ndinayamba kunena.

Chaka chotsatira magalasi aja anawachotsa, akuti mzere unkachedwa. Mwana wa abwana anakondwa sabata yathunthu, kenako anayamba kudandaula kuti tsopano makoma a buluu aja ali poyera, ndipo Mngerezi ankati awabwezeretse. Anandipempha kuti ndikaweruzenso. Ndinati woweruza anapuma ntchito. Ndikawapititsa ku paki ija ndinkatsala pansi, injini yozima, windo lotsegula pang'ono. Pamalo ena pafupi ndi chipilala, sitima ikamadutsa pakona ya pansi, simenti imanjenjemera mpaka m'chiwongolero. Ndinayesa kuimika kwina, koma kawirikawiri malo opanda galimoto ankapezeka pomwepo.